Kachitsulo kamene lamulo limakawerenga ngati mfuti yathunthu

LUNDAZI – M'zigawo zambiri za dziko la America, munthu wofuna mfuti yolasira chandamale kapena yosakira nyama angathe kuigula m'zidutswa n'kuilumikiza yekha pakhomo pake. Chinthu choyamba chimene amasankha ndi kabokosi ka chitsulo kotchedwa lower receiver m'Chingerezi, kamene ndi thupi lam'munsi la mfutiyo. Makanema oonetsa ntchito imeneyi ndi ochuluka pa intaneti, ndipo aliyense amene ali ndi foni yamakono ku Lundazi, ku Lumezi kapena ku Chasefu angathe kuwaona.

Koma zololedwa ku Texas si zimene zili zololedwa m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Kabokosi kameneka, ngakhale kakhale kopanda mpope ndiponso kopanda chipolopolo, lamulo la Zambia limakawerenga ngati mfuti. Wopezeka nako popanda chilolezo amayankha mlandu wofanana ndi wa munthu amene wagwidwa ndi mfuti yathunthu. Nkhaniyi ndi yofunika kwa alenje ndi alimi a m'boma la Lundazi, kumene nyama zakutchire zili pafupi ndi minda, ndipo malire a dziko la Malawi ali pakhomo.

Kodi lower receiver n'chiyani?

Mfuti imene imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi ya mtundu wa AR-15. Thupi lake lili pawiri. Gawo lapamwamba ndi limene limagwira mpope ndi chitsulo chokankhira chipolopolo m'malo mwake. Gawo lam'munsi ndi limene muli kachitsulo kokoka ndi chala powombera, kachitsulo kotsekera kuti mfuti isalire mwangozi, ndi polowera magazini, ndiko kuti kabokosi kosungira zipolopolo. Chogwirira cha dzanja ndi tsinde lotsamiritsa paphewa zimamangidwanso ku gawo lomweli. Magawo awiriwa amagwirizanitsidwa ndi timisomali tiwiri tokha.

Gawo lam'munsili likakhala lopanda kanthu m'kati silifika ngakhale theka la kilogalamu. Woliona koyamba angaliyese chitsulo cha m'galimoto kapena cha m'chigayo. Palokha silingawombere. Koma ndi pa gawo limeneli pamene fakitale imadinda dzina lake ndi nambala ya mfuti. Monga momwe galimoto imadziwikira ndi nambala ya chasisi ngakhale mwini wake atasintha matayala, mipando ndi utoto, mfuti ya mtundu umenewu imadziwika ndi nambala ya pa thupi lam'munsi.

Mawu akuti semi-automatic amatanthauza mfuti imene imadzilowetsera yokha chipolopolo chotsatira. Mphamvu ina ya mpweya wa onga wophulika imakankha zitsulo za m'kati, chikhungwa cha chipolopolo chowombedwa chimatayidwa kunja, ndipo china chimalowa. Wowombera amayenera kukoka chala kamodzi pa chipolopolo chilichonse. Izi n'zosiyana ndi mfuti za asilikali zimene zimapitiriza kulira malinga ngati chala chili chikokere, ndiponso n'zosiyana ndi raifolo ya alenje imene munthu amaikoka ndi dzanja asanawomberenso.

Chifukwa chake a ku America amayambira pamenepa

Mfuti ya AR-15 inachokera ku kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950, pa nzeru za katswiri wina dzina lake Eugene Stoner, ndipo zilembo za AR zikuimira dzina la kampaniyo. M'chaka cha 1959 ArmaLite inagulitsa umwini wa mfutiyi ku kampani ya Colt. Asilikali a America anailandira pa dzina lakuti M16, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Colt inayamba kugulitsa kwa anthu wamba mtundu wowombera chipolopolo chimodzi chimodzi. Ufulu wa kampaniyo wokhala yokha pa kapangidwe ka mfutiyi utatha m'chaka cha 1977, mafakitale ena ambiri anayamba kupanga zitsulo za miyeso yofanana. Kuyambira pamenepo zinakhala zotheka kugula thupi ku fakitale ina, mpope ku fakitale ina, zonse n'kugwirizana.

Lamulo la mfuti la America la m'chaka cha 1968 linanena kuti thupi la mfuti ndilo mfuti, ndipo liyenera kukhala ndi nambala. Chotero wogula thupi lam'munsi kwa wogulitsa wovomerezeka amalemba mafomu ndi kufufuzidwa mbiri yake ngati wogula mfuti yathunthu, pamene zitsulo zina zambiri angathe kuzigula popanda zimenezi. N'chifukwa chake kumeneko kusankha thupi lam'munsi ndiko chiyambi cha zonse.

Ogula kumeneko amayang'ana kwambiri chimene thupilo lapangidwa nacho. Pali la aluminiyamu wosulidwa, amene amapanikizidwa ndi makina amphamvu m'chikombole asanasemedwe. Limeneli ndi lofala, lolimba ndiponso losakwera mtengo kwambiri. Pali lina losemedwa kuchokera ku chibuma chimodzi cha aluminiyamu, limene limaoneka bwino koma ndi lokwera mtengo, ndipo nthawi zina zitsulo za mafakitale ena sizikhala bwino m'menemo. Pali linanso la pulasitiki wolimba, lopepuka ndi lotchipa, koma limene lakhala likudandaulidwa kuti limathyoka pamene pamamangidwa tsinde. Kuwonjezera pa izi, wogula wanzeru amayang'ana mbiri ya fakitale ndi kuonetsetsa kuti nambala ndi yodindidwa bwino.

Ngakhale ku America komweko nkhaniyi ili ndi mikangano. Amalonda ena anayamba kugulitsa matupi osamalizidwa, opanda nambala, amene apolisi sangathe kuwalondola akagwiritsidwa ntchito pa umbanda. M'chaka cha 2022 boma linakhazikitsa malamulo akuti katundu wotere amene angasandutsidwe mfuti mosavuta akhale ndi nambala, ndipo mu March 2025 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagwirizana ndi malamulowo. Mayiko ena anatseka khomo ndithu. Britain inaletsa ma raifolo ambiri odzilowetsera zipolopolo mu 1988, Australia mu 1996, New Zealand mu 2019, ndipo Canada inaletsa AR-15 mu 2020. Konseku chiletso chinadza pambuyo poti munthu mmodzi wapha anthu ambiri ndi mfuti.

Zimene lamulo la Zambia likunena

M'dziko la Zambia nkhani za mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act, limene ndi mutu 110 wa malamulo a dziko. Pofotokoza tanthauzo la mfuti, lamuloli silitchula chida chathunthu chokha. Limawerengeranso mpope, thupi limene mpope ungamangidweko, ndiponso chipangizo chochepetsera phokoso la mfuti. Choncho munthu sangadziteteze m'bwalo la milandu ponena kuti chimene anali nacho chinali chitsulo chabe.

Pali zinthu zitatu zimene zimatseka njira ya munthu wofuna kutengera za ku America.

Choyamba ndi kulowetsa katundu m'dziko. Mfuti ndi zipolopolo sizilowa m'Zambia popanda chilolezo choperekedwa katunduyo asanafike. Phukusi lotumizidwa ndi m'bale wa kunja, kapena loitanitsidwa pa intaneti, likatsegulidwa ndi a kasitomu n'kupezeka kuti muli thupi la mfuti, dzina limene lili pa phukusilo ndi limene limayankha mafunso. Chimodzimodzi ndi wodutsa nacho pa chipata cha Lusuntha kuchokera ku Malawi, kapena wodzera njira zachidule za m'malire.

Chachiwiri ndi kupanga. Lamulo sililola munthu kupanga mfuti popanda chilolezo cha boma, ndipo malonda ndi kukonza mfuti ndi ntchito ya amalonda olembetsedwa, amene amasunga kaundula wa mfuti iliyonse yolowa ndi yotuluka. Kulumikiza zidutswa mpaka zitakhala chida chowombera ndi ntchito imene mmisiri wa pamsika kapena wowotcherera zitsulo sayenera kuivomera, pakuti nayenso amalowa mumlandu.

Chachitatu ndi laisensi. Mfuti iliyonse imakhala ndi laisensi yakeyake, imene imatchula mtundu wake, kukula kwa chipolopolo chake ndi nambala yake. Laisensi ya mfuti ya chifefe siiphimba raifolo, ndipo ya bambo siiphimba mwana. Chitsulo chopanda nambala, kapena chimene nambala yake inafufutidwa, sichingalembedwe m'kaundula, ndipo kufufutako pakokha ndi chizindikiro choyamba chimene apolisi amayang'ana.

Mapangano a mayiko

Kukhwima kumeneku sikuli kwa Zambia yokha. Pa 14 August 2001, atsogoleri a mayiko a bungwe la SADC anasaina mumzinda wa Blantyre pangano loyang'anira mfuti, zipolopolo ndi zipangizo zake, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2004. Panganoli limafuna kuti mfuti zikhale ndi zizindikiro, zilembedwe m'kaundula, ndiponso kuti apolisi a mayiko oyandikana azithandizana. Linabwera pamene chigawo chino chinali chodzala ndi mfuti zotsala pa nkhondo, makamaka ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Mfuti za AK-47 zochokera ku nkhondo zoterezi zinkadutsa m'malire n'kugwera m'manja mwa achifwamba ndi opha njovu.

Zambia ilinso m'pangano la bungwe la United Nations lolimbana ndi kupanga ndi kuzembetsa mfuti, limene linayamba kugwira ntchito mu 2005. Pangano limeneli limatchula mpope ndi thupi la mfuti pakati pa zipangizo zoyenera kuyang'aniridwa.

Amene ali ndi abale ogwira ntchito ku Johannesburg ayenera kudziwa kuti ku South Africa nakonso lamulo la mfuti la m'chaka cha 2000 limawerenga mpope ndi thupi ngati mfuti. Kumeneko raifolo yodzilowetsera zipolopolo imaloledwa makamaka kwa anthu ozindikiridwa ndi mabungwe ovomerezeka a alenje kapena a masewera olasa chandamale, ndipo chilolezo cha ku South Africa chimathera pa malire a dzikolo.

Njira yololedwa

Kwa munthu wa ku Lundazi, chinthu choyamba kusankha si chitsulo. Choyamba ndi kudziwa chifukwa chimene akufunira mfuti, pakuti ndilo funso limene apolisi amayamba nalo. Pempho limayambira ku polisi ya kwawo kwa wopemphayo. Apolisi amafufuza mbiri yake, amaona ngati amadziwa kugwira mfuti, ndiponso ngati ali ndi malo otetezeka oisungira. Mapepala amapita ku kaundula wamkulu wa mfuti ku likulu la apolisi ku Lusaka. Wopempha ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo.

Apolisi akavomereza, mfuti imagulidwa yathunthu kwa wogulitsa wolembetsedwa, kapena kwa mwini wina wa laisensi kudzera m'mapepala osinthira umwini. Laisensi imatengedwa ku khonsolo, ndipo imayenera kukonzedwanso pa zaka zitatu zilizonse. Zipolopolo nazo zimagulidwa poonetsa laisensiyo.

Malo amene mabanja ambiri amapunthwa ndi pa mfuti ya malemu. Mfuti si khasu kapena njinga imene ana angagawane pa tsiku lomeza maliro. Mwini wake akamwalira, banja liyenera kudziwitsa apolisi ndi kuipereka kuti isungidwe, kufikira wolowa m'malo atapeza chilolezo m'dzina lake. Kuisunga kudenga kwa zaka zambiri sikuisandutsa yololedwa.

Mfuti yoyenera chigwa cha Luangwa

Ngakhale lamulo likanalola, pali funso lina: kodi mfuti ya mtundu wa AR-15 ndi yoyenera nyama za kuno? Kumadzulo kwa Lundazi dziko limatsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa. Kumeneko kuli paki ya Lukusuzi, ya makilomita 2,720 m'bwalo lake lonse, paki yaing'ono ya Luambe, ndi dera la Lumimba, limene ndi limodzi mwa madera 36 a m'Zambia otchedwa Game Management Area. Malo amenewa anali m'boma la Lundazi kufikira m'chaka cha 2018, pamene bomalo linagawidwa patatu n'kubala Lumezi ndi Chasefu. Tsopano ali m'boma la Lumezi, m'maiko a mafumu monga Chitungulu, Kazembe ndi Mwanya. Nyama za kumeneko ndi njovu, njati, mvuu, nswala, mbawala, njiri, mikango ndi anyalugwe.

Chipolopolo chofala cha AR-15 ndi cha .223, chimene m'mimba mwake ndi mamilimita asanu ndi theka, ndipo mutu wake umalemera pafupifupi magalamu anayi. Chimathamanga kwambiri, koma ndi chopepuka. Chimakwanira pa chandamale ndi pa nyama zing'onozing'ono. Pa njati, mvuu ndi njovu, muyezo wochepetsetsa umene alenje a ukatswiri m'Zambia amatsata ndi .375. Chipolopolo chotchuka cha muyezo umenewu chinatulutsidwa ndi kampani ya Holland & Holland ya ku London m'chaka cha 1912, ndipo mutu wake umalemera pafupifupi magalamu 19, ndiko kuti kasanu kuposa wa .223. Pa nyama zapakati alenje amadalira zipolopolo monga .30-06 ndi .308, pamene pa nkhanga ndi mbalame zina chifefe ndiye mwini ntchito.

Kusiyana kumeneku kumakhudza moyo wa anthu. Njati yolasidwa ndi chipolopolo chopepuka kawirikawiri siigwa pomwepo. Imathawira m'tsekera ndi bala, ndipo amene amakumana nayo mawa lake ndi mayi wopita kukatunga madzi kapena mwana wa sukulu, osati mlenje amene anailasa. N'chifukwa chake lamulo la nyama limalamula kuti wolasa nyama yoopsa imene yathawa ndi bala akanene msanga kwa akuluakulu. Kuchuluka kwa zipolopolo m'magazini sikulowa m'malo mwa chipolopolo chimodzi choyenera, cholasidwa pamalo oyenera.

Palinso nkhani ya fumbi ndi mtunda. M'miyezi ya September ndi October chigwa chimatentha kwambiri ndipo fumbi limalowa paliponse. Raifolo yokoka ndi dzanja, imene kapangidwe kake kotchuka ndi ka Mauser ka m'chaka cha 1898, ili ndi zitsulo zochepa zoyenda, ndipo mwini wake angathe kuitsuka ndi kansalu ndi mafuta. Mfuti yodzilowetsera zipolopolo ili ndi timasipuling'i ndi tizitsulo tambiri, ndipo kamodzi kakawonongeka ulendo wofuna mmisiri wovomerezeka ndi wautali. Chipata penipenipo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Lundazi, ndipo Lusaka ili kutali koposa.

Laisensi ya mfuti si chilolezo chosaka

Ambiri amaganiza kuti akapeza laisensi ya mfuti ndiye kuti tchire latseguka. Si choncho ayi. Nyama zakutchire zimayang'aniridwa ndi lamulo lina, la Zambia Wildlife Act la m'chaka cha 2015. Lamuloli linathetsa bungwe la ZAWA n'kubweza ntchito yake m'manja mwa boma, pansi pa dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inayamba ntchito mu 2016. Malinga ndi lamuloli, umwini wa nyama zakutchire uli mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse.

M'paki monga Lukusuzi ndi Luambe kusaka n'koletsedwa kotheratu, ndipo ngakhale kulowamo ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu. M'dera monga Lumimba kusaka kumaloledwa kwa amene wagula laisensi yotchula mtundu ndi chiwerengero cha nyama, m'nyengo yake, ndiponso mogwirizana ndi chiwerengero chimene dipatimenti yaika m'chaka chimenecho. Misampha ya waya ndi poizoni n'zoletsedwa.

Anthu a m'madera amenewa ali ndi gawo pa ndalama za kusaka kudzera m'makomiti otchedwa Community Resources Board, amene amasankhidwa m'dziko la mfumu iliyonse. Ndalamazo zimalipira alonda a nyama a m'midzi ndi kuthandiza pa ntchito monga zipinda za sukulu ndi zitsime. Chotero njati yophedwa mwakuba imachotsedwa m'thumba la mudzi womwewo.

Njovu m'minda

Chimene chimachititsa alimi ambiri kulakalaka mfuti si masewera koma njala. Njovu ingathe kumaliza munda wa chimanga usiku umodzi, ndipo imathyola nkhokwe. Pakati pa paki ya Lukusuzi ndi paki ya Kasungu ya ku Malawi pali midzi ndi minda, ndipo njovu zakhala zikuyenda pakati pa malo awiriwa kuyambira kale. Mu July 2015 Zambia ndi Malawi anasaina pangano losamalira limodzi malo a nyama a m'malire mwawo. M'chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku paki ya Liwonde kupita ku Kasungu. M'zaka zotsatira, anthu a m'midzi ya m'malire, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, anadandaula za minda yowonongedwa, ndipo ena anataya miyoyo.

Dandaulo limeneli ndi lenileni, koma mfuti yopepuka si yankho lake. Njovu yolasidwa ndi chipolopolo chosayenera imakhala yolusa kuposa kale. Lamulo limalola munthu kupha nyama podziteteza kapena poteteza mnzake ngati palibenso njira ina, koma ayenera kukanena msanga, ndipo minyanga ndi zina zonse za nyamayo zimakhala za boma. Ntchito yopirikitsa kapena kupha nyama yovutitsa ndi ya alonda a dipatimenti, amene anthu amawatcha a gemu. Njira yodandaulira ndi kudzera kwa nyakwawa, kwa mfumu, ku komiti ya zachilengedwe ndi ku ofesi ya dipatimenti.

M'chigwa cha Luangwa alimi ayesanso njira zosapha. Ena amatchinga minda ndi zingwe zopakidwa tsabola, ena amaotcha zibuma za ndowe zosakaniza ndi tsabola kuti utsi wake uthamangitse njovu, ndipo ena amamanga nkhokwe za simenti zimene njovu sizingathyole mosavuta. Palibe njira imodzi imene imathetsa vutoli, koma zonsezi sizisiya njovu yovulala pafupi ndi mudzi, ndiponso sizitengera mlimi kundende.

Gogodela ndi phunziro la COMACO

Kupanga mfuti pakhomo si chinthu chachilendo m'dera lino. Mfuti za gogodela, zothira onga kukamwa, zinafika m'chigwa cha Luangwa m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ya njovu, ndipo m'kupita kwa nthawi amisiri a m'midzi anaphunzira kuzikonza ndi kusula zawozawo. Kwa mibadwo ingapo mlenje anali munthu wolemekezeka, wodyetsa mudzi. Koma mfuti yosulidwa pakhomo siiyesedwa mphamvu monga zimachitira za kufakitale. Mpope wofooka ukaphulika umadula zala ndi kuchititsa khungu mwini wake. Pamaso pa lamulo, gogodela yopanda laisensi ndi mfuti yosaloledwa monga ina iliyonse.

Boma la Lundazi lili ndi mbiri yake pa nkhani yochotsa mfuti zoterezi m'midzi. Bungwe la COMACO, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003 motsogozedwa ndi Dale Lewis, linatsegula malo ake oyamba a malonda ku Lundazi. Ganizo lake linali lakuti munthu amapha nyama mwakuba chifukwa cha njala ndi umphawi, choncho akapatsidwa luso ndi msika angathe kusiya. Alenje ankapereka mfuti ndi misampha yawo n'kuphunzitsidwa ulimi wosamalira nthaka, ulimi wa njuchi ndi ukalipentala, ndipo bungwelo linkagula mtedza, mpunga, soya ndi uchi wawo n'kuzigulitsa pa dzina lakuti It's Wild! Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011 anaonetsa kuti misampha ya waya yoposa 61,000 ndi mfuti zoposa 1,400 zinali zitaperekedwa pofika nthawi imeneyo.

Mwayi wopereka mfuti ulipo m'njira zinanso. M'chaka cha 2017 bungwe la African Union linasankha mwezi wa September kukhala wolimbikitsa anthu kupereka mwa kufuna kwawo mfuti zosaloledwa, ndipo apolisi a Zambia akhala akulengeza nyengo za chikhululukiro choterechi. Amene ali ndi mfuti yopanda mapepala angachite bwino kuyamba wafunsa kwa mfumu yake kapena ku polisi za momwe angaiperekere, m'malo mongoinyamula pamsewu.

Zofunika kukumbukira

Thupi lam'munsi la mfuti ndi mfuti pamaso pa lamulo, ku America, ku South Africa ndi ku Zambia komwe. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America kuligula ndi chiyambi cha ntchito yololedwa m'zigawo zambiri, pamene kuno kuliitanitsa popanda chilolezo ndi chiyambi cha mlandu.

Wofuna mfuti yosakira ayambe ku polisi, agule mfuti yathunthu yokhala ndi nambala kwa wogulitsa wolembetsedwa, ndipo asankhe chipolopolo molingana ndi nyama imene laisensi yake ikutchula. Wofuna masewera olasa chandamale afunse ku polisi za makalabu ovomerezeka, kumene mfuti zimagwiritsidwa ntchito moyang'aniridwa. Mlimi wovutika ndi njovu akanene kwa a gemu ndi ku komiti ya m'dera lake. Ndipo munthu aliyense amene wapemphedwa ndi mnzake kuti amunyamulire kachitsulo kosadziwika bwino podutsa pa Lusuntha, kapena kuti phukusi la kunja lifikire m'dzina lake, ayambe waona chimene chili m'katimo asanavomere.